Makina Odya Magetsi

Pa pulazi lina la fodya kufupi ndi Banket, m'zaka zija za Chitaganya, padali munthu wina wochokera ku Dowa dzina lake Laxon Mwale. Ntchito yake idali yosankha fodya mu shedi, ndipo pa ntchito imeneyo adalibe mnzake. Tsamba ankangoliona kamodzi, kulisisita ndi chala chachikulu, basi waliponya pa mulu wake. Mzungu mwini pulazi akakayika ndi tsamba lovuta mtundu ankaitana Laxon, ndipo chimene Laxon wanena chinkakhala chomwecho. Koma kutamidwa kuli ngati mowa wa masese, kumakwera kumutu mwini wake asakudziwa. Laxon adafika poganiza kuti diso lodziwa fodya limadziwa zonse za pansi pano. Kufunsa ankakuyesa ntchito ya ana ndi alendo. Akasokera njira ankalolera kuzungulira phiri lonse kusiyana n'kuimitsa munthu, ndipo akafika mochedwa ankangoti amaonako minda ya anthu.

Mkazi wake Esinati ndiye adatenga mafunso onse a m'banjamo. Ankafunsa mtengo wa chinthu chimene sakugula, ankafunsa dzina la mankhwala amene akumwa mnzake. Laxon ankamuseka kuti tsiku lina adzafunsa nkhuku chifukwa chimene yaikirira dzira. Komabe awiriwa ankakhala bwino. Adali ndi nyumba yawo ya udzu kumapeto kwa komboni, nkhuku zingapo, kadimba ka mpiru kumunsi kwa damu, ndi mwana mmodzi, Agnesi, amene ankaphunzira pa sukulu ya pa pulazi pomwepo. Phoso la pa mlungu silinkachuluka, koma m'nyumbamo simunkagona munthu ndi njala kapena ndi mkwiyo.

Mafunso omwewo ndi amene adamufikitsa Esinati pa khonde la sitolo ya pa pulazi, pamene pankasokera telala wachikulire, Che Amisi, Msilamu wa ku Fort Johnston. Adayamba n'kufunsa chifukwa chake kolala wa shati amadulidwa mokhota. Che Amisi ataona kuti mayiyu sachoka, adangomupatsa sizasi. Patatha zaka zitatu Esinati ankadula yekha diresi, kusoka makabudula a sukulu, ndi kuika zigamba pa maovololo mpaka mwini wake kuiwala pamene padang'ambika. Chimene adalibe ndi makina akeake.

Chaka chimenecho Che Amisi adatsanzika. Maso adali atayamba kuchita nkhungu, ndipo adafuna kukakalambira kwawo. Makina awo ankapita nawo kuti akasiyire mwana wawo. Mwini sitolo adanena mosabisa kuti khonde silikhala lopanda telala, ndipo amene adzafike ndi makina tsiku loyamba la mwezi wotsatira, khonde ndi lake. Telala wina wa pa pulazi loyandikana adali atabwera kale kawiri kudzayeza ndi maso pamene adzaike tebulo. Pa khondepo ndi pamene komboni yonse inkasoketsa, kuyambira matewera mpaka zovala za ukwati, ndipo Esinati ankalifuna ndi mtima wake wonse.

Mwayi wake, chitini cha pansi pa bedi chidali chitalemera. Mudali ndalama za mazira, za mpiru, ndi bonasi ya Laxon ya zaka zinayi. Zidakwana makina opukusa pamanja, n'kutsalako za jasi limene Laxon ankalilira chisanu chilichonse. Adagwirizana kuti Lachisanu Laxon akwere lole yonyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Salisbury, kumene anthu ankangoti ku Halale, akagule makinawo mu sitolo yaikulu. Che Amisi adadzipereka kuti alembe mtundu wake pa pepala, koma Laxon adapukusa mutu.

"Che Amisi, ine ndimasiyanitsa fodya wa mitundu makumi awiri kunja kusanayere bwino. Ndingalephere kusankha makina amodzi?"

"Sindikukana, bambo Mwale," adatero mkuluyo. "Koma mukafunse. M'chitoro cha azungu muli zinthu zofanana nkhope koma mitima yosiyana."

Esinati naye adaonjezapo kuti akangonena kuti a pamanja, basi. Laxon adati wamva, koma ndi kumva kuja kumene mawu amalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Sitoloyo idali ya nsanjika zitatu, magalasi okhaokha kutsogolo. Masiku amenewo munthu wakuda ankalowera khomo la m'mbali, chipewa chili m'manja, ndipo Laxon adachita chomwecho. Kumene kudali makina osokera adakupeza yekha atazungulira sitolo yonse kawiri. Adawaona makina a pamanja, akuda, atandandalikidwa pa shelefu. Koma pakati pa chipinda padali ena obiriwira, onyezimira, ndipo dona wogulitsa ankawaonetsa kwa dona mnzake. Adangoika phazi pa kachopondera kakang'ono kamene kadali pansi, makinawo n'kuyamba kulira ngati mvula pa malata. Nsalu inkayenda yokha. Manja onse awiri a donayo adali pa nsalu, palibe chopukusa, palibe thukuta.

Tisamunamizire Laxon, chimene chidamukoka poyamba ndi chikondi. Adakumbukira phewa la Esinati limene linkamupweteka akachokera kudimba, ndipo adaganiza kuti mkazi wakeyo wavutika mokwanira. Kunyada kudabwera pambuyo, ataona m'maganizo mwake komboni yonse itazungulira makina amene ngakhale Che Amisi sadawagwirepo. Diso lake lija lidaona chingwe chochokera ku kachopondera kupita ku makina, ndipo lidakhutira. Chingwe china chimene chidalowera kuseri kwa tebulo mpaka kukhoma silidachione. Pamene adaima pamenepo, mkulu wina wa yunifomu ya khaki, wonyamula katundu mu sitolomo, adamuyandikira n'kumupatsa moni m'Chinyanja.

"Pepani bambo, ndaona mwawakonda awo. Kodi kwanuko kuli..."

"Ndalama ndili nazo, mdala," adamudula Laxon.

Iye adayesa kuti mkuluyo akumuderera chifukwa cha nsapato zake za matayala. Mkulu uja adangobwerera ku katundu wake. Laxon adaloza makina obiriwirawo. Mtengo wake udameza zonse za m'chitini ndi za jasi zomwe, koma adalipira mosaphethira. Dona adalemba m'kabuku, adang'amba kapepala n'kumupatsa. Laxon adakalandira ndi manja awiri osafunsa ntchito yake, poti katundu adali kale m'manja.

Pobwerera adakhala kumbuyo kwa lole, bokosi la makina lili pakati pa miyendo. Mphepo ya mu Julaye idamulowa m'mafupa, jasi palibe, ndipo mtima udafuna fodya. Zinyenyeswa za fodya ndiye wosankha fodya sasowa, koma nyuzipepala yokulungira adaiwala. Atapisa m'thumba adapeza kapepala ka ku sitolo kaja, kopyapyala, kofewa, ngati kopangidwira ntchito yomweyo. Adakang'amba pakati, theka adakulungira fodya, theka lina adalisomeka mu lamba wa chipewa kuti lidzathandize mawa. Pambuyo pake adavomera yekha kuti fodya wa tsiku limenelo adakoma kuposa masiku onse.

Lole idafika dzuwa lisanalowe, anthu atangoweruka. Laxon sadafune kuti makina atsegulidwire m'nyumba. Adatulutsa tebulo pabwalo, ndipo posakhalitsa amayi a ana kumsana, azibambo a maovololo ndi dalaivala wa lole, Tickey, adali atazungulira. Bokosi litatsegulidwa anthu adang'ung'udza mosirira. Esinati adawasisita makinawo, kenaka adayamba kusuzumira mbali iyi ndi iyo, kufunafuna chopukusira. Laxon adamuuza monyadira kuti za manja zidatha, angokhala pansi n'kuponda. Esinati adakhala, adaika nsalu, adaponda. Makina adangoti zii. Adapondanso, koma singano sidagwedezeke ngakhale pang'ono. Laxon adati akuponda mwamantha, adamusuntha n'kupondapo yekha ndi nsapato yake ya tayala mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Zidali chimodzimodzi.

Che Amisi adayandikira pang'onopang'ono, adapisa m'bokosi n'kutulutsa chingwe chachiwiri chimene kumapeto kwake kudali kamutu ka mano atatu. Adachiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene akusankha mawu oti asapweteke mnzake.

"Bambo Mwale, makina awa ndi abwino kwambiri. Koma amadya magetsi."

Pa pulazi lonselo magetsi adali kunyumba ya mzungu kokha, ochokera ku injini imene inkagunda madzulo kuseri kwa khitchini. Mu komboni nyale idali ya parafini, ndipo mwezi ukafika pakati idali ya nkhuni. Anthu adayesa kudzigwira, koma Tickey atanena kuti mwina akawayandikiza ku koloboyi adzuka, chiseko chidaphulika. Laxon adaima pamenepo manja ali lende, akulakalaka nthaka itang'ambika. Esinati sadaseke, komanso sadalire, ngakhale mumtima mudamupweteka kwambiri, chifukwa pa tebulopo padali zaka zinayi za thukuta lawo ndi khonde lake lomwe. Adavula mpango, adaphimba makinawo kuti fumbi lisalowe, n'kuthokoza anthu chifukwa chobwera kudzaona.

Anthu atabalalika, Esinati adachita chimene ankachidziwa bwino. Adafunsa Che Amisi ngati chinthu chogulidwa kwa azungu chimabwezedwa. Mkuluyo adati m'masitolo akuluakulu zimatheka, bola chikhale chosagwiritsidwa ntchito, chibwerere m'bokosi lake masiku asanu ndi awiri asanathe, ndipo mwini wake aonetse lisiti. Ukatero amakubwezera ndalama zako zonse. Esinati adatembenukira kwa mwamuna wake.

"Atate ake a Agnesi, kodi sadakupatseni kapepala?"

Laxon adavula chipewa pang'onopang'ono, adasolola theka lija n'kuliika pa tebulo. Esinati adaliyang'ana, adayang'ana zala za mwamuna wake zofiira ndi fodya, ndipo kumeneko sadafunsenso chifukwa yankho adali ataliona. Che Amisi adangoti theka la lisiti sadalionepo likugwira ntchito, koma kuyesa sikulakwa. Lole yomaliza ya mabelo inkanyamuka Lachinayi, tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo Lolemba lotsatira lidali tsiku loyamba la mwezi.

Masiku asanu amenewo adamutalikira Laxon. Mu shedi anzake ankamufunsa ngati fodya wa lero akufuna magetsi kapena ayi, ndipo dzina loti Bambo Magetsi lidayamba kumveka mpaka kumpopi. Iye ankangowerama n'kumasankha masamba. Mumtima adakonza nzeru yake yopulumutsira nkhope, yoti akangonena kuti makinawo ndi akufa, adamugulitsa chinthu chowonongeka. Esinati ndiye adali pa ntchito. Adapukuta kachopondera mpaka chidindo cha tayala chidachoka, adakulunga zingwe momwe zidalili, adamata bokosi, ndipo theka la lisiti adalisita ndi simbi ya makala n'kulimanga pa nsonga ya nsalu yake. Adakapempha kapitawo kuti mwamuna wake ajombe tsiku limodzi, adakapemphanso Tickey malo a anthu awiri. Agnesi adamusiya kwa anansi. Ulendo uno adati apita nawo, ndipo Laxon sadatsutse.

Adafika ku Halale dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, ndipo Tickey adawachenjeza kuti ikangokwana thu koloko lole inyamuka, alipo kaya palibe. Laxon adasenza bokosi n'kulunjika kwa dona uja. Donayo adali ndi makasitomala ena, adangoloza chakumbuyo ndi pensulo osadzutsa mutu. Kumbuyoko kudali mawindo awiri ndi makwerero. Laxon adasankha windo limene lidali ndi mzere wautali, poganiza kuti kumene kuli anthu ambiri ndiye koyenera. Esinati adamunong'oneza kuti afunse kaye, koma iye adati akudziwa chimene akuchita. Adaima ola lathunthu, bokosi likumudya paphewa, ndipo atafika kutsogolo kalaliki adamuuza kuti pamenepo ndi pa anthu olipira katundu pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi.

Apa Esinati adaleka kudikira. Adaona mkulu wa yunifomu ya khaki akukankha ngolo ya katundu, adapita, adagwada pang'ono n'kumupatsa moni. Atamva kalankhulidwe kake adafunsa kwawo. Adali a Elifasi a ku Ntcheu, amene adagwira ntchito mu sitolomo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Atamva nkhani yonse adatembenuka kuyang'ana Laxon, ndipo adamuzindikira nthawi yomweyo. Laxon naye adawazindikira, n'kuyang'ana pansi.

"Ndinu aja a ndalama," adatero a Elifasi, mopanda mkwiyo. "Tsiku lija ndinkangofuna kufunsa ngati kwanuko kuli magetsi. Simuli oyamba, bambo. Chaka chatha wina wa ku Karoi adanyamula wailesi ya mtundu womwewo."

Adawauza kuti zobweza sizipita kwa dona kapena pa windo, zimapita kwa bwana wa pamwamba. Atafunsa chimene akanene kumeneko, Laxon adayankha motsitsa kuti akanena kuti makina ndi akufa. A Elifasi adaimitsa ngolo yawo.

"Aiwa, musayerekeze. Muofesimo muli magetsi. Akangolumikiza kukhoma makina alira, inu mukhala wabodza, ndipo mutsika makwerero ndi bokosi lanu. Mzungu ameneyu chitsiru amachikhululukira, koma wabodza ayi. Musankhe nokha chimene mukufuna kukhala."

Mawuwo adali owawa, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Onse atatu adakwera makwerero, a Elifasi kutsogolo kuti akamasulire. Bwanayo adali wa dazi, magalasi ali pamphuno, mapepala mbwee pa tebulo. Adatsegula bokosi, adayang'ana makina mbali zonse, adapukuta chala pa kachopondera n'kuchiyang'ana. Kenaka adafunsa chimene chavuta ndi makinawo.

Bodza lija lidali pa lilime la Laxon, lokonzeka kale. Adayang'ana Esinati, amene adaima pakhomo atagwira nsonga ya nsalu pamene padali theka la lisiti, ndipo adaona kuti manja ake akunjenjemera. M'zaka zonse za ukwati wawo adali asanawaonepo manja amenewo akunjenjemera, ngakhale podula nsalu ya ukwati wa mwana wa kapitawo. Manyazi a pamaso pa mzungu adachepa pamenepo.

"Muwauze kuti makina alibe mlandu. Wolakwa ndine. Kwathu kulibe magetsi, ndipo sindidafunse."

Bwana uja atamva adagwedeza mutu n'kutambasula dzanja kufuna lisiti. Esinati adamasula mfundo n'kupereka. Mzunguyo adalitembenuza, adalinunkhiza, n'kufunsa kumene kuli theka linalo. Laxon adati adasuta. A Elifasi adamasulira nkhope ili gwa, koma bwanayo adaseka mpaka kuvula magalasi. Atatha kuseka adapukuta misozi n'kunena kuti akumva chisoni, koma theka limene latsalalo lilibe dzina la katundu kapena mtengo wake, lili ndi dzina la sitolo ndi nambala basi. Mtengo udapita ndi utsi. Popanda umboni sangatulutse ndalama, ndipo adayamba kukankhira bokosi kwa eni ake.

Esinati adatsamira chitseko. Koloko ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi anayi kuti lole inyamuke. Apa ndi pamene diso la Laxon lidagwira ntchito yake yeniyeni, chifukwa lidakumbukira chinthu. Tsiku lija dona ankalemba, pansi pa pepala padali kapepala kena kakuda. Ku shedi nakonso kalaliki polemba matikiti a mabelo ankaika kakuda komweko, kuti tikiti imodzi ipite ndi belo, inzake itsale m'buku. Sankadziwa ngati masitolo amachita chimodzimodzi, ndipo Laxon wa mlungu wathawo akadalolera kufa nacho m'mimba kusiyana n'kuonetsa kuti sakudziwa. Adatembenukira kwa a Elifasi, chipewa chili m'manja.

"A Elifasi, tandifunsireni. Ine za muno sindizidziwa. Kodi pepala ili lilibe mnzake wotsala m'buku la dona uja?"

Bwanayo adamuyang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi. Kenaka adatuma a Elifasi kukatenga kabuku ka Lachisanu. Katafika, bwanayo adatsegula masamba, chala chikuyenda pa manambala, mpaka chidaima. Nambala ya pa theka la Laxon ndi ya m'buku zidali chimodzimodzi, ndipo pansi pake padalembedwa makina obiriwira ndi mtengo wake. Mzunguyo adasaina kapepala, a Elifasi adatsika nako ku windo lachiwiri lija limene lidalibe mzere, ndipo ndalama zidabwera zonse, osachotsapo ngakhale tiki. Esinati adazilandira ndi manja awiri. Misozi imene adaisunga masiku asanu ndi limodzi idatsika pamenepo, koma idali ya chimwemwe.

Amene adavutika tsopano ndi dona wogulitsa. Laxon adaima pa shelefu ya makina akuda n'kuyamba kufunsa, a Elifasi akumasulira. Kodi awa amadya chiyani? Mafuta ake amathira pati, ndipo kangati? Singano ikathyoka ina imapezeka ku Banket kapena mpaka kuno? Nanga kabokosi aka n'kachiyani? Adapempha kuti Esinati awayese yekha, ndipo donayo, pofuna kuti anthuwa achoke, adalola. Esinati adapukusa, singano idavina, msoko udatuluka wowongoka. Laxon adafunsanso ngati palibe chingwe china chobisika kuseri, ndipo ngakhale donayo adamwetulira. Za jasi zidatsala ndithu, koma Laxon adati jasi lidikire chaka chamawa, n'kugulira mkazi wake sizasi yatsopano, ulusi ndi singano zapadera. Lisiti adalipereka kwa Esinati asanalipinde n'komwe. Adatsanzikana ndi a Elifasi mwaulemu wonse, ndipo Laxon adawapepesa za tsiku lija. Adathamanga mpaka ku okushoni n'kupeza Tickey ataliza kale injini, akutukwana m'Chishona.

Loweruka Che Amisi adayesa makinawo, adamvetsera kulira kwake mutu uli chopendekeka, n'kunena kuti amenewa adzasoka mpaka ukwati wa Agnesi. Adamusiyira Esinati mpando wawo, choko ndi tepi yoyezera. Lolemba m'mawa telala wa pa pulazi loyandikana adatulukira pa njinga, makina atamanga kumbuyo, n'kupeza pa khonde pali kale mayi akupukusa, amayi ena atatu akudikira ndi nsalu zawo. Adapereka moni, adagula machesi kuti asaoneke ngati wabwerera chabe, n'kutembenuza njinga.

Madzulo a tsiku limenelo Esinati adatenga bulangete lawo lakale, lochindikala, adalidula n'kusokera mwamuna wake jasi. Silidali lokongola ngati la m'magalasi a ku Halale, koma linkafunda, ndipo mkati mwake adasokamo kathumba ka batani. Laxon atafunsa ntchito ya kathumbako, Esinati adati ndi ka mapepala osasuta. Adaseka onse awiri mpaka Agnesi kudabwa.

Dzina la Bambo Magetsi silidachoke, ndipo m'kupita kwa nthawi mwini wake adayamba kuliyankha. Fodya adapitiriza kusankha mwaluso lomwe lija, koma akafika pa mphambano yosaidziwa ankatsika njinga n'kupereka moni. Munthu wa mu komboni akamapita ku Halale ndi ndalama za thukuta lake, Laxon ankamuitanira pambali, kumugwira paphewa, n'kumuuza kuti akalowa mu sitolo yaikulu afunefune mkulu wa khaki wa ku Ntcheu ndipo amulole amalize funso lake. Akatero ankaloza pa khonde pamene makina akuda ankalira, n'kunena kuti iye uchi adaupeza ulendo wachiwiri, atalawa kale chimene akuluakulu adanena, kuti safunsa adadya phula.